Kayezedwe ka boost ndi presha ya petulo pa injini ya supercharger

Galimoto ya supercharger, chipangizo chozunguzidwa ndi lamba chokankhira mpweya wambiri mu injini, ikayamba kulemera pa chitunda, chizolowezi chathu ndi kugula zitsulo. Lero mapulagi, mawa pampu ya petulo, mkuja wina akuti supercharger yatha, itanitsani ina kunja. Ndalama zikupita chonchi, palibe amene waikapo geji. Chonsecho matenda ambiri a injini yotere amaonekera pa manambala awiri: mpweya umene supercharger ikukankhira mu manifold (mapaipi olowetsa mpweya m'masilinda), womwe amakaniko amautcha boost, ndi presha ya petulo amene akufika pa ma injector. Awiriwa ayenera kuwerengedwa limodzi, nthawi imodzi, galimoto ikukoka pamsewu. Mukayeza chimodzi chokha, kapena mukayeza galimoto ili chiimire pa galaja, mudzabwerako ndi theka la nkhani.

Chitsanzo changa chachikulu ndi Mercedes-Benz C-Class ya W203 yolembedwa Kompressor kumbuyo, chifukwa ndi imene timaiona kawirikawiri m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, ina yochokera ku Japan, ina yopangidwa ku East London ku South Africa. Kuyambira 2002 ma C180, C200 ndi C230 Kompressor anali ndi injini imodzi, M271 ya malita 1.8, koma mphamvu zake zinali zosiyana: 105, 120 ndi 141 kW. Izi zikutanthauza kuti nambala ya boost ya galimoto ya mnzanu si yanu. Pezani nambala ya fakitale ya mtundu wanu musanayambe. Zambiri zotuluka m'fakitale ndi supercharger zimakhala pakati pa 0.4 ndi 0.9 bar. Mageji ena amalemba psi, ndiye kumbukirani kuti bar imodzi ndi 14.5 psi, kapena 100 kPa.

Chifukwa chake awiriwa salekanitsidwa

Injector imalavulira petulo m'kati mwa manifold, ndipo chimene chimatulutsa petuloyo ndi kusiyana kwa presha ya kumbuyo kwake ndi ya kutsogolo kwake. Zili ngati kukankha chitseko pamene wina akukankhanso mbali inayo. Mu rail, paipi yogawira petulo ku ma injector, mukakhala 3 bar, mu manifold mukakhala boost ya 0.6 bar, injector ikugwira ntchito ndi 2.4 bar yokha. Mpweya wachuluka, petulo wachepa, pa nthawi yomwe injini ikufuna petulo wambiri koposa. Poyenda pang'onopang'ono injini ya petulo imasakaniza magawo 14.7 a mpweya ndi gawo limodzi la petulo, koma pa boost imafuna cha m'ma 11.5 kapena 12, kuti petulo wowonjezerayo aziziritse silinda. Akaperewera, moto umaphulika nthawi isanakwane, injini imagogoda, m'mphepete mwa pisitoni mumasweka. Izi sizitenga mwezi. Masekondi owerengeka pa chitunda chimodzi ndi okwanira.

Opanga magalimoto amathana ndi zimenezi m'njira ziwiri, ndipo muyenera kudziwa ya galimoto yanu, apo ayi mudzaitcha pampu yabwino kuti ndi yakufa. Njira yakale ili ndi regulator (yolamulira presha ya petulo) pa rail, yokhala ndi kapaipi ka vacuum (kuyamwa kwa injini) kochokera ku manifold ndi paipi yobwezera petulo ku thanki. Apa presha ya petulo imatsatira manifold: boost ikakwera ndi 0.5 bar, petulo nayenso akwere ndi 0.5 bar. Njira yachiwiri ilibe paipi yobwezera kuchokera ku injini. Regulator imakhala kumbuyo, m'thanki kapena m'kati mwa filita, presha siisintha, ndipo kompyuta ndiyo imatalikitsa nthawi imene injector ikhala yotseguka. Ma W203 ambiri ali m'gulu ili, regulator ili mu filita ya pansi pa galimoto chakumbuyo, presha ili pafupifupi 3.8 bar. N'chifukwa chake filita yotchipa yosayenera pa galimoto imeneyi imatha kusokoneza injini yonse.

Pali gulu lina limene simuyenera kuligwira ndi geji wamba. Nissan Note ndi Micra za DIG-S, Volkswagen 1.4 TSI, Audi 3.0 TFSI ndi ma Mercedes olembedwa CGI zimalavulira petulo mu silinda mwenimweni, ndipo rail yake imapitirira 100 bar. Petulo wa presha yotere amaboola khungu. Pa zimenezi presha ya rail imawerengedwa pa makina a diagnosis basi. Boost mutha kuyeza monga ndifotokozere m'munsimu.

Zida

Mufunika geji ya boost yowerenga mbali zonse ziwiri, vacuum ndi presha, kuchokera pa -1 mpaka 1.5 bar. Yoyambira pa ziro siikuthandizani. Mufunikanso geji ya presha ya petulo yofika 7 bar yokhala ndi paipi yaitali, makonekita a T, ma clamp ang'onoang'ono, tepi yolimba, nsanza, magalasi oteteza maso, chozimitsira moto cha ufa, ndi munthu wachiwiri wokhala ndi foni. Ngati mukuwonjezera paipi ya petulo, ikhale yolembedwa SAE J30R9. Paipi ya galimoto za carburettor imaoneka chimodzimodzi koma sinapangidwire presha imeneyi. Kapampu ka pamanja kopanga vacuum ndi presha n'kothandiza kwambiri ngati mungabwereke.

Geji ya boost isanalumikizidwe, muvi wake ukhale pa ziro. Ukakhala pambali, lembani kusiyanako kapena pezani ina.

Poika geji ya boost

Apa ndi pamene ambiri amasocherera, choncho chedwanipo. Malo oyenera ndi amene mpweya umafikapo utadutsa kale zonse ziwiri, supercharger ndi throttle (kachitseko ka mpweya kamene kamatseguka mukaponda moto), kutanthauza pa manifold penipeni pafupi ndi mavalavu. Kamangidwe kamasiyana. Pa Kompressor ya Mercedes mpweya umadutsa mu supercharger, kenako mu intercooler youziziritsa, kenako pa throttle. Mukaika geji pa paipi ya intercooler mudzaona presha koma simudzaona vacuum, ndipo si presha imene injector ikulimbana nayo. Pa Mini Cooper S ya 2002 mpaka 2006, yomwe ili ndi Eaton M45, throttle ili kumayambiriro, supercharger isanafike. Kapaipi ka pakati pa ziwirizi kamaonetsa vacuum yokha ngakhale muponde bwanji, ndipo munthu atha kulumbira kuti supercharger yafa pomwe ilibe vuto lililonse. Tsatirani njira ya mpweya ndi dzanja lanu kuyambira pa filita mpaka pa injini musanadule kanthu.

Paipi yaikulu yopita ku booster ya mabuleki isiyeni. Ili ndi valavu yololeza mbali imodzi, ndiye kuseri kwake boost siioneka, komanso konekita ikavuka muli pamsewu mabuleki amauma. Mapaipi a mpweya wa m'thanki ndi a breather nawonso ali ndi mavalavu awo, amanamiza. Ngati galimoto ili ndi regulator pa rail, kapaipi kake ndi malo abwino chifukwa geji idzaona chimene regulator ikuona. Koma mangani ma clamp mbali zonse zitatu za T. Kapaipi kovekedwa chabe kamagwira bwino pa vacuum chifukwa kakuyamwidwa, boost ikabwera kamafwamphuka, ndipo regulator ikasiya kuona boost mwadzipangira nokha vuto lija la kuperewera kwa petulo.

Paipi ya geji ya boost imanyamula mpweya chabe, ndiye mutha kuilowetsa m'galimoto. Idutse kutali ndi ekizozi ndi lamba, isapanikizike ndi boneti.

Poika geji ya petulo

Injini ikhale yozizira, galimoto ikhale panja. Yang'anani mozungulira. Pa magalaja athu ambiri wowotcherera amakhala mamita atatu kuchokera pamene mukugwirira ntchito, wina akusuta, mbaula ya chimanga ili pageti. Zonsezi zitalikire. Moto wa petulo sazimitsa ndi madzi.

Chotsani kaye presha yomwe ili m'mapaipi. Zulani fyuzi kapena relay ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha, kenako guguzani sitata kamodzi kapena kawiri. Thimitsani kiyi. Fufuzani pa rail kavalavu kooneka ngati ka tayala, kokhala ndi kachivindikiro. Ngati kalipo, kulungani nsanza mozungulira, mangani geji ndi dzanja mpaka igwire bwino. Ngati palibe, ikani T pa paipi yolowetsa petulo mu rail, filita itadutsa kale. Mukaika pa paipi yobwezera mudzawerenga pafupifupi ziro. Bwezerani fyuzi, tembenuzani kiyi osaliza injini, kenako gwirani ndi chala polumikizira paliponse. Pakanyowa ngakhale pang'ono, konzani musanapitirire.

Geji ya petulo isalowe m'galimoto. Pa ichi sindinyengerera. Paipi ikaphulika pa 4 bar muli pa liwiro, petulo amathira woyendetsa kumaso ndi pa mawaya a dashibodi. Tulutsirani paipi kumbuyo kwa boneti, geji muimate ndi tepi pa galasi lakutsogolo chakunja, mbali ya wokwera, nkhope yake itayang'ana m'kati. Amene ali ndi geji yamagetsi, yomwe sensa yake imatsala pa injini, alibe vuto limeneli.

Galimoto ili chiimire

Tembenuzani kiyi osaliza. Pampu imalira masekondi awiri kapena atatu, muvi ukwere msanga kufika pafupi ndi nambala ya fakitale. Ukamakwera mokwawa, kapena ukafuna kuti mutembenuze kiyi katatu, lembani zimenezo.

Lizani injini, itenthe. Geji ya boost pa idling ionetse vacuum yokhazikika, cha m'ma -0.55 mpaka -0.7 bar m'mphepete mwa nyanja yamchere, yocheperako kumtunda kuno. Muvi wonjenjemera kwambiri kapena vacuum yochepa kwambiri zikusonyeza kuti pena pakulowa mpweya, kapena mavalavu ndi timing zili ndi vuto, ndipo zimenezo zikonzedwe musanapite kumsewu. Pa galimoto ya regulator ya pa rail, presha ya petulo pa idling imatsika ndi theka la bar kapena kuposerapo pang'ono. Zulani kapaipi ka vacuum n'kutseka ndi chala mbali ya injini: muvi ukwere nthawi yomweyo. Nunkhizani kapaipiko. Mukapezamo petulo, regulator yang'ambika m'kati. Ngati muli ndi kapampu ka pamanja, pomperani 0.5 bar mu regulator, muone ngati petulo akwera ndi 0.5 bar. Pa W203 ndi zina zopanda paipi yobwezera, muvi ungokhala pamalo amodzi, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Zimitsani injini, yang'anani wotchi. Presha iyenera kutsika pang'onopang'ono kwambiri. Ikagwa kufika pansi m'mphindi zochepa, mwina valavu ya mu pampu siikugwira, mwina regulator ikudontha, mwina injector ikudonthezera mu silinda. Imeneyi ndiyo galimoto imene imavuta kulira ikatentha koma m'mawa imalira bwinobwino.

Musataye nthawi kuponda moto galimoto ili mu neutral n'kumayembekezera boost. Supercharger ya mtundu wa Roots, monga za Eaton, ili ndi valavu ya bypass imene imabwezera mpweya pamene injini ilibe katundu. Muvi udzalumphira cha ku ziro n'kubwerera. Zina, monga Nissan Note ndi ma Kompressor oyambirira a injini ya M111, zili ndi clutch yamagetsi pa pulley, ndiye nthawi zina supercharger siizungulira n'komwe mpaka kompyuta italamula.

Pamsewu

Sankhani msewu wowongoka, wokwera pang'ono, wopanda msika, sukulu kapena njinga zambiri m'mbali. Chitunda chimathandiza chifukwa injini imalemedwa popanda kufika pa liwiro loopsa. Thanki ikhale yoposa theka. Woyendetsa ayang'ane msewu basi. Mnzanu ajambule vidiyo imene ikuonetsa mageji onse awiri, ndipo ngati geji ya rpm siikukwana m'chithunzi, azitchula manambala ake mokweza kuti amveke mu vidiyo.

Ikani giya yachitatu. Pa automatic gwiritsani ntchito mbali ya manual kuti isasinthe yokha. Yambirani pa 2000 rpm. Ulendo woyamba pondani theka lokha mpaka 4000, muone ngati petulo akugwira. Zikakhala bwino, bwererani, pondani mpaka pansi kuchokera pa 2000 kufika cha m'ma 5500, kenako siyani. Mnzanuyo maso ake akhale pa geji ya petulo kuposa ya boost, ndipo mugwirizane mawu amodzi oti akakuwa muchotse phazi pomwepo. Muvi wa petulo ukayamba kutsika pamene boost ili pamwamba, kapena mukamva kugogoda ngati timiyala m'chitini, musamalize ulendowo kuti muone pothera. Mwaona kale zokwanira.

Chitani maulendo atatu, mukupumitsa injini poyenda pang'onopang'ono pakati pake. Mukabwerera, imitsani vidiyo pa 2500, 3500, 4500 ndi 5500 rpm, lembani manambala onse awiri m'kope, pamodzi ndi malo ndi nyengo ya tsikulo.

Kukwera kwa malo kumadya boost

Nkhani iyi imapusitsa ambiri amene amayerekeza manambala awo ndi a pa intaneti. Supercharger imazunguzidwa ndi lamba, ndiye imangochulukitsa mpweya umene yaupeza. M'mphepete mwa nyanja yamchere, monga ku Durban, mpweya ndi 101 kPa. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1050 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene mpweya uli cha m'ma 89 kPa. Johannesburg, pa mamita 1750, ili cha m'ma 82 kPa. Supercharger yochulukitsa ndi 1.6 idzaonetsa 0.6 bar ku Durban, 0.53 ku Lilongwe, ndi 0.49 ku Johannesburg, yonseyo ili bwinobwino. Galimoto yomweyo mukaiyeza ku Nchalo m'chigwa cha Shire n'kukaiyezanso ku Dedza, manambala adzasiyana. Vacuum ya pa idling nayonso imachepa ndi pafupifupi 0.1 bar pa mamita 1000 alionse.

Amene akuwerenga MAP, presha ya mu manifold imene sensa ikuona, pa makina a diagnosis akumbukire kuti nambala imeneyo imaphatikiza mpweya wakunja. Werengani kiyi ali on injini isanalire, imeneyo ndi presha ya malo anu, ndipo muichotse pa nambala yapamwamba. Mukaona 142 kPa ku Lilongwe, boost yanu ndi 53 kPa, osati 142. Ndimakondabe geji ya muvi pambali pa makinawo, chifukwa sensa ikamanama, makina amangobwereza bodzalo.

Zimene manambala akunena

Supercharger ya Roots yabwino imafika pa boost yake msanga, rpm ikadali pansi, n'kukhala pamenepo kapena kukwera pang'ono mpaka kumapeto. Ikafika bwino kenako n'kumatsika kapena kumagwedera rpm ikamakwera, yambani ndi lamba. Fufuzani fumbi lakuda pa mphuno ya supercharger, kunyezimira pa mizere ya lamba, oyilo wodontherapo, ndi tensioner imene yafika kumapeto. Ndi vuto lotchipa kwambiri ndipo ndilo limapezeka kawirikawiri.

Boost ikakhala yochepa kuyambira pansi mpaka pamwamba, onani filita ya mpweya, imene pa fumbi la Okutobala imadzaza msanga kuposa mmene buku limanenera. Kenako mapaipi a intercooler: pamene pakutuluka mpweya pamakhala chizindikiro cha oyilo wosakanikirana ndi fumbi. Kenako valavu ya bypass, imene ikakanirira yotseguka imabweza mpweya wonse. Pa M271 ndi yamagetsi, pa Mini ndi ya vacuum ndi sipuling'i. Kompyuta itha kusunga khodi ya P0299, yotanthauza boost yoperewera. Kutha kwa supercharger yeniyeniyo kuganiziridwe pomalizira, zonsezi zitayezedwa.

Chodabwitsa ndi ichi: boost yokwera kuposa ya fakitale pa galimoto yofooka si nkhani yabwino. Supercharger imatunga mpweya wofanana pa kuzungulira kulikonse. Eaton M45 imatunga ma cubic inch 45, M62 imatunga 62, mainawo amachokera pamenepo. Injini ikalephera kumeza mpweyawo, umaunjikana mu manifold ndipo geji imakwera. Kawirikawiri chotchinga ndi catalytic converter yotsekeka kapena timing ya camshaft imene yasuntha, ndipo pa M271 tcheni cha timing ndi magiya ake zimadziwika kuti zimatha. Ndiye geji ikakwera mphamvu ikuchepa, yang'anani kotulukira.

Kumbali ya petulo, pa regulator ya pa rail chotsani boost pa presha ya petulo pa rpm iliyonse. Yankho likhale lofanana ndi presha imene munaiwerenga mutazula kapaipi ka vacuum. Pa yopanda paipi yobwezera, muvi usasunthe kwenikweni. Ukamatsika rpm ikamakwera, pampu ikupereka presha koma siikukwanitsa kuchuluka kwake, ndipo zimenezi pa idling sizioneka chifukwa injini ikumwa pang'ono. Yambani ndi filita, kenako kasefa ka pansi pa pampu m'thanki. Galimoto imene yamwa petulo wa m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta imakhala ndi mchenga ndi dzimbiri pamenepo. Musanagule pampu, yezani magetsi pa pulagi yake injini ikulira. Akhale pafupi ndi a pa batire, cha m'ma 13.5 mpaka 14 volts. Akaperewera ndi volt yathunthu, vuto ndi waya, relay kapena earth, ndipo pampu yatsopano idzafooka chimodzimodzi. Makhodi a pa kompyuta a P0171 ndi P0087 amayenda ndi nkhani yomweyi. Presha ikakhala yokwera mopitirira, regulator yakanirira kapena paipi yobwezera yapindika.

Kwa amene akufuna kuika pulley yaing'ono kuti boost ikwere, monga amachitira eni ma Mini Cooper S ndi pulley yochepetsedwa ndi 15 peresenti, muyeso uwu uchitike kawiri, musanasinthe ndi mutasintha, pa msewu womwewo ndi giya yomweyo. Pulley yaing'ono imatenthetsa mpweya kwambiri ndipo lamba amaigwira pang'ono, choncho amaterereka mosavuta. Pampu imene inkangokwanira pa boost ya fakitale iyamba kuperewera. Presha yabwino payokha siitsimikiza kuti ma injector akukwanitsa, ndiye pa injini yosinthidwa onjezerani geji ya wideband, yoyeza kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo, pa ekizozi.

Mukamaliza, dikirani injini izizire, chotsani presha ndi fyuzi ija kachiwiri, masulani geji nsanza ili m'manja, ndipo bwezerani kachivindikiro pa kavalavu. Pamene munaika T ya boost ikani paipi yatsopano yathunthu, osati zidutswa ziwiri zolumikiza. Lizani injini, iyende mphindi zisanu boneti ili yotsegula, mukuyang'ana ndi kununkhiza pa rail ndi polumikizira ponse. Nsanza zonyowa ndi petulo ziyanikeni panja kutali ndi moto, zisalowe m'buti.